Ndandanda ya mashifiti itakula kuposa Excel: lipoti la ntchito pa kampani ina ya alonda ku Blantyre

Ntchito yanga ndi yolemba mapulogalamu a pakompyuta a mabizinezi omwe akukula. Lipoti ili ndi la ntchito yomwe ndinagwira pa kampani ina ya alonda mu mzinda wa Blantyre, yomwe dzina lake ndi la anthu ake sinditchula. Ndalemba chifukwa funso lomwe abwana a kampaniyo anandifunsa tsiku loyamba ndimakumana nalo kawirikawiri: kodi pali chifukwa chotayira ndalama pa pulogalamu yathuyathu pomwe Excel, pulogalamu ya timabokosi yolembamo ndi kuwerengetsera zinthu, ili kale pa kompyuta, ndipo aliyense mu ofesi amaidziwa?

Chomwe anandiitanira

Usiku wina geti la nyumba yosungiramo katundu ku Makata linagona lopanda mlonda. Wa masana anadikira womulandira mpaka mdima, anaimbira akapitawo koma foni sinkapezeka, ndipo poopa kusowa minibasi yobwerera kwawo anakhoma geti n'kunyamuka. Sikunabedwe kanthu. Koma mwini malowo atafika m'mawa n'kupeza zii, anaimbira abwana n'kuwauza kuti zikadzachitikanso kontirakiti idzathera pomwepo.

Atafufuza anapeza kuti palibe yemwe anajomba. Mlonda yemwe dzina lake linalembedwa pa geti la ku Makata anagwira ntchito usiku wonsewo, koma ku Limbe, pa sitolo ina, chifukwa dzina lake linalinso kumeneko. Ndandanda inamuika malo awiri pa nthawi imodzi, ndipo iye anapita komwe anauzidwa. Mlonda uja anatsala pang'ono kudulidwa malipiro pa cholakwa chomwe sichinali chake.

Abwana sanandiitanire pulogalamu yatsopano ayi. Iwo ankafuna ndikonze Excel yawo kuti dzina likalembedwa kawiri lizioneka lofiira.

Zomwe ndinapeza

Ndandanda yonse, yomwe iwo ankaitcha rosita, ankakonza ndi amayi amodzi a mu ofesi omwe anayamba ndi kampaniyo ili ndi mageti owerengeka. Pa nthawi yomwe ndinkafika malo olondera anali atafika cha m'ma 30, kuyambira ku Chirimba mpaka ku Limbe, ena a mafakitale, ena a masitolo, ena a nyumba za anthu ku Namiwawa ndi ku Sunnyside. Malo aliwonse anali ndi tsamba lake mu fayilo imodzi ya Excel. Mwezi ukatha amayiwo ankakopera fayiloyo, kuisintha dzina, n'kuyamba kusuntha mayina.

Tiyeni tiwerenge kukula kwa ntchitoyo. Geti lofuna mlonda usana ndi usiku limadya mashifiti awiri pa tsiku. Mageti 30 ndiye kuti mashifiti 60 pa tsiku, 420 pa sabata, 1,800 pa mwezi wa masiku 30. Kabokosi kalikonse mwa tibokosi 1,800 timeneti kamafuna dzina loyenera, ndipo dzinalo liyenera kugwirizana ndi zomwe zalembedwa pa masamba ena 29 omwe maso sakuwaona pa nthawiyo. Mageti ali 5 munthu amatha kusunga zonse m'mutu. Akafika 30, ngakhale munthu wakhama chotani, tsiku lina dzina lidzamupulumuka.

Fayiloyo inali yodzaza ndi mitundu: chikasu cha usiku, chofiira cha omwe ali pa tchuthi, chobiriwira cha olowa m'malo mwa anzawo. Panali mitundu ina iwiri yomwe tanthauzo lake ankalidziwa ndi amayiwo okha. Ndandanda ikatha ankaisindikiza, akapitawo n'kujambula mapepalawo pa foni n'kutumizirana pa WhatsApp. Kusintha kulikonse kobwera pambuyo pake, monga munthu akadwala kapena kukagwa maliro, kunkalembedwa ndi bolopeni pa pepala la akapitawo, ndipo nthawi zina kunkafika ku ofesi, nthawi zina ayi. Pofika pa 20 mwezi, ndandanda zinali zitatu kapena zinayi: ya pa kompyuta, ya pa khoma la ofesi, ndi za m'matumba mwa akapitawo. Malipiro ankawerengedwa kuchokera pa ya pa kompyuta, yomwe ndiyo inali kutali kwambiri ndi zomwe zinachitikadi pa mageti.

Panalinso tinthu ting'onoting'ono tomwe aliyense wogwiritsa ntchito Excel amatidziwa. Shifiti ya usiku imayamba 18:00 n'kutha 06:00. Ukauza Excel kuti ichotse nthawi yoyambira pa nthawi yomalizira, yankho limakhala lochepera pa ziro, ndipo mmalo mwa nambala kabokosi kamadzaza ndi zizindikiro za ####. Njira yokonzera ilipo, koma mu ofesi muja anangosiya fomula, lamulo louza Excel zowerengetsera, n'kumalemba 12 pamanja, zomwe zinkatanthauza kuti munthu wogwira maola 14 podikira womulandira ankalembedwabe 12. Manambala a foni oyamba ndi 088 kapena 099 ankaduka ziro wa kutsogolo chifukwa Excel imawaona ngati manambala owerengera. Laputopu ina inali yotcheredwa mwa chi America, mwezi kutsogolo tsiku pambuyo, moti 03/04 ankakhala 3 Epulo pa kompyuta ina ndi 4 Malichi pa ina. Ndipo mayina ngati Phiri ndi Banda, omwe pa kampani ya anthu ambiri sangalephere kubwerezeka, ankalembedwa mosiyanasiyana: pena dzina la makolo kutsogolo, pena kumbuyo, pena chilembo chimodzi chokha. Munthu mmodzi ankaoneka ngati anthu atatu, ndipo anthu awiri ngati mmodzi.

Pa zonsezi Excel sinalakwe kanthu. Inapangidwa kuti ilandire chilichonse chomwe walemba m'kabokosi n'kuwerengetsera zomwe waiuza. Ubwino wake ndi womwewo, ndipo vuto lake pa ntchito ya mashifiti ndi lomwelonso: sidziwa kuti dzina ndi munthu, ndiponso kuti munthu ali ndi thupi limodzi. Zimandikumbutsa zomwe zinachitika ku England mu Okutobala 2020, pomwe bungwe la Public Health England linapeza kuti anthu 15,841 omwe anapezeka ndi COVID-19 sanalowe m'chiwerengero chifukwa mafayilo ankasungidwa mu mtundu wakale wa XLS, womwe umathera pa mizere 65,536. Zoposera pamenepo zinkangotsala, popanda chenjezo. Fayilo ya alonda athu inali kutali ndi malire amenewo, koma khalidwe ndi limodzimodzi: zinthu zikasokonekera, spreadsheet, kutanthauza pulogalamu ya timabokosi ngati Excel, imangoti phee.

Ndinayamba ndayesa zomwe anandipempha

Sindinafune kugulitsa chinthu chodula pomwe chotchipa chikanatha kugwira, choncho ndinayamba ndi kukonza Excel yomweyo. Ndinapatsa mlonda aliyense nambala, ndinaika mndandanda wosankhapo mayina kuti asamalembedwe pamanja, ndinalemba fomula ya COUNTIFS yoyang'ana ngati nambala imodzi yapezeka kawiri pa tsiku limodzi, ndipo ikapezeka kabokosi kankafiira. Zinayenda kwa masabata angapo.

Kenako zinayamba kuphwasuka mwa njira zomwe ndinkaziopa. Munthu akakopera kabokosi kuchokera kwina n'kukamata pamwamba, lamulo losankhira mayina limafufutika limodzi ndi zomwe zinalimo, ndipo mu ofesi yotanganidwa kukopera ndi kumata ndiyo ntchito ya tsiku lonse. Kampani itapeza geti latsopano anawonjezera tsamba, koma fomula sinkalidziwa tsambalo. Choposa zonse, kufiira kwa kabokosi sikuletsa munthu kusindikiza pepala. Ndipo fomula yanga inkangoona tsiku limodzi. Sinkaona kuti munthu wotsika 06:00 walembedwanso kuyamba 06:00 yomweyo pa geti lina, poti pa kalendala amenewo ndi masiku awiri osiyana.

Tinaganizirako za Google Sheets, yomwe ndi yofanana ndi Excel koma imakhala pa intaneti. Imathetsa vuto la makope ambiri chifukwa onse amaona fayilo imodzi, ndipo imasunga mbiri ya zosintha. Koma malamulo a ntchito siiwadziwa, monga momwe Excel siiwadziwira, komanso aliyense wotsegula fayilo amaona zonse zomwe zilimo. Tinayang'ananso mapulogalamu ogula okonzeratu a kunja. Ambiri ndi abwino ndithu, ndipo ndawalangizapo anthu ena kuti agule. Koma omwe tinawaona amalipiritsa pa munthu aliyense mwezi uliwonse, m'madola, ndipo amayembekezera kuti wantchito aliyense ali ndi foni yamakono yokhala ndi bandulo. Alonda ambiri a kampaniyi anali ndi foni za mabatani. Za madolazo, kwacha inali itatsitsidwa mphamvu ndi 25% mu Meyi 2022, ndipo abwana sanafune ngongole ya mwezi ndi mwezi yomwe kukula kwake sangakudziwe. Pomwe inatsitsidwanso ndi 44% mu Novembala 2023, nkhawa yawo inaoneka kuti inali yomveka.

Masiku omwe ndinakhala pambali pa amayi a mu ofesi

Apa ndi pomwe panagona ntchito yeniyeni, ndipo aliyense wofuna kulembetsa pulogalamu yakeyake amvetse bwino ndime iyi. Ndisanalembe mzere ngakhale umodzi, ndinakhala masiku angapo pambali pa amayiwo akukonza ndandanda, ndipo akasuntha dzina ndinkafunsa chifukwa chake. Poyamba ankayankha mwachidule, poganiza kuti ndabwera kudzawalanda ntchito. Ndinawauza mosabisa kuti pulogalamu yomwe ndingalembe popanda nzeru zawo ikhala yopanda pake kuposa Excel, ndipo pang'onopang'ono anamasuka.

Zomwe zinatuluka sizinalembedwe pa fayilo iliyonse. Mlonda wokhala ku Bangwe samuika ku Chirimba pa shifiti ya m'mawa, chifukwa ayenera kukwera maminibasi awiri kudutsa mzinda wonse ndipo sangafike 06:00, komanso thiransipoti ingamudyere theka la zomwe wagwirira tsikulo. Wa ku Ndirande kapena ku Mbayani ndiye woyenera mageti a ku Makata ndi ku Ginnery Corner, poti ena amangoyenda wapansi. A mpingo wa Seventh Day Adventist amayesetsa kuwapumitsa kuyambira Lachisanu dzuwa likalowa mpaka Loweruka madzulo, ndipo Asilamu amawapewetsa shifiti ya masana Lachisanu ngati n'kotheka. Pa hositelo ina ya atsikana eni ake amafuna mlonda wamkazi masana. Pa fakitale ina pali galu, ndiye usiku pamafunika munthu wophunzitsidwa kuyenda naye. Kasitomala wina anakana mlonda wina wake zaka zapitazo ndipo safuna kumuonanso pa geti. Anthu awiri ena sagwirizana, ndipo kuwaika limodzi usiku n'kuputa mlandu.

Ndinalemba malamulo otere masamba angapo a kope. Nditawawerengera abwana, ena mwa iwo anali kuwamva koyamba. Apa ndi pomwe anazindikira kuti kampani yawo sinkayendera Excel ayi. Inkayendera mutu wa amayi aja, Excel inali pongolembera zomwe mutuwo wagamula. Ndipo mutu umodzi susenza denga: amayiwo anali atatha zaka osapita ku tchuthi chenicheni, chifukwa ngakhale ali ku mudzi foni inkangolira.

Kusiyana kwa pulogalamu yolembedwera bizinezi yako ndi spreadsheet kwagona pomwepa. Sikuti ndi yokongola kapena yachangu. Ndi yakuti malamulo a ntchito yako amatuluka m'mutu mwa munthu mmodzi n'kukhala pamalo pomwe agwira ntchito kwa aliyense, tsiku lililonse, ngakhale munthuyo atadwala.

Zomwe tinamanga

Pansi pa zonse tinaika database, nkhokwe yosungiramo zolembedwa zonse mwadongosolo, ya mtundu wa PostgreSQL, yomwe ndi yaulere. M'menemo mlonda amalembedwa kamodzi kokha, ndi nambala yake, komwe amakhala, maphunziro ake a ntchito ndi masiku ake a tchuthi. Geti nalo limalembedwa kamodzi, ndi zofuna zake. Shifiti si kabokosi ayi, koma ndi mgwirizano wa zinthu zitatu: munthu uyu, geti ili, kuyambira nthawi yakuti ya tsiku lakuti mpaka nthawi yakuti ya tsiku lakuti. Chifukwa nthawi imasungidwa pamodzi ndi tsiku, vuto la shifiti yodutsa pakati pa usiku linatheratu. PostgreSQL ili ndi njira youzira database yeniyeniyo kuti isalole nthawi ziwiri za munthu mmodzi kulowerana. Kotero ngakhale akapitawo awiri atayesa kutenga mlonda mmodzi pa mphindi imodzi, wina ali ku Limbe wina ku Chirimba, wachiwiriyo amakanidwa n'kuuzidwa komwe munthuyo waikidwa kale. Zomwe zinachitika ku Makata sizingalembekenso.

Seva, kompyuta yomwe pulogalamu ndi database zimakhalamo, tinaiika pa intaneti osati mu ofesi. Inali nthawi yomwe namondwe Ana anali atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya mphamvu pafupifupi mamegawati 130, ndipo magetsi ankatha maola ambiri atazima. Kompyuta ya mu ofesi ikazima, ndandanda siinkayenera kuzima nayo. Akapitawo amalowa pa foni zawo, ndipo ndandanda ya tsikulo imatsala mu foni ngakhale netiweki itachoka; zomwe asintha zimatumizidwa ikabwerera. Alonda sitinawafunse kugula foni zatsopano. Amalandira SMS yaifupi, yosapitirira zilembo 160 kuti ikhale uthenga umodzi, yonena geti, tsiku ndi nthawi, ndipo ikasinthidwa amalandira ina. Mapepala sitinawathetse: ndandanda imasindikizidwabe n'kumatidwa, koma pansi pake pamalembedwa tsiku ndi ola lomwe yasindikizidwa, kuti pakakhala mapepala awiri aliyense adziwe latsopano.

Cholakwa changa chachikulu

Malamulo onse omwe amayi aja anandiuza ndinawaika ngati oletsa. Pulogalamu inkakana kuika wa ku Bangwe ku Chirimba, inkakana kuika wa Sabata Loweruka, inkakana chilichonse chosemphana ndi kope langa. Pa kompyuta yanga zinkaoneka zaukhondo.

Sabata yachiwiri kunagwa maliro a m'bale wa mmodzi wa alonda, ndipo anzake angapo a dera limodzi anapita kukagona kusiwa ndi kukaika. Akapitawo anafunika kudzaza mageti ndi aliyense yemwe analipo. Pulogalamu inawakanira uyu, inawakaniranso uyo. Iwo sanalimbane nayo: anatulutsa pepala ndi bolopeni n'kuchita momwe ankachitira kale, ndipo anachita bwino, chifukwa geti silidikira. Lolemba ndinapeza kuti zomwe zili mu pulogalamu sizikugwirizananso ndi zomwe zachitika, matenda omwe aja omwe ndinabwera kudzachiza.

Ndinali nditaphonya chinthu chomwe amayi aja ankachichita osachitchula: ankadziwa lamulo loti sungaliphwanye ndi loti ungalipinde pakavuta. Tinakhalanso pansi n'kugawa malamulo pawiri. Oletsa anatsala ochepa: munthu sangakhale malo awiri pa nthawi imodzi, sangaikidwe ali pa tchuthi chovomerezeka osayamba wachotsedwapo, sangaikidwe pa geti la galu asanaphunzire, ndipo sangaikidwe ngati anasiya ntchito. Ena onse anasanduka ochenjeza. Pulogalamu imati munthuyu amakhala kutali, kapena lero ndi tsiku lake lopembedza, kapena sanapume mokwanira, ndipo akapitawo akhoza kupitiriza, koma alembe chifukwa, ndipo dzina lawo ndi nthawi zimasungidwa. Kuyambira pamenepo mapepala a m'matumba anayamba kuchepa. Zifukwa zomwe ankalemba zinakhalanso chuma: patapita miyezi abwana ankatha kuona mageti omwe malamulo amapindidwa kawirikawiri, n'kudziwa kuti dera limenelo likufunika kulemba anthu okhala pafupi.

Zomwe pulogalamu inaulula pa nkhani ya maola

Gawo ili silinali lokoma kwa abwana, koma kulisiya kungakhale kunama. Lamulo la ntchito la dziko lino, Employment Act ya 2000, limaika malire a maola 48 pa sabata, ndipo opitirira pamenepo ndi ovataimu. Limatinso munthu asagwire masiku opitirira 6 otsatizana osapuma, ndipo limasiyanitsa ovataimu ya tsiku wamba, ya tsiku lopuma, ndi ya pa holide. Tsono werengani: shifiti ya maola 12 kwa masiku 6 ndi maola 72, kutanthauza maola 24 pamwamba pa 48. Geti limodzi la usana ndi usiku limadya maola 168 pa sabata. Mukagawa ndi 48 mupeza kuti likufunika anthu atatu ndi theka, osati awiri.

Mu Excel izi sizinkaoneka, chifukwa maola a munthu mmodzi anali omwazikana pa masamba osiyanasiyana, ndipo palibe yemwe ankawaphatikiza. Pulogalamu inawaphatikiza tsiku loyamba lomwe. Panapezeka anthu omwe ankatha masabata awiri osapuma, makamaka aja ofatsa omwe sakana akaimbiridwa. Sikuti wina ankawazunza dala. Ankangokhala oyamba kukumbukiridwa pakasowa munthu.

Abwana anakhala chete nthawi yaitali ataona tsambalo. Ndinawauza kuti nditha kulemba pulogalamu yowerengera maola molondola, koma yobisa maola sindingalembe. Walira mvula walira matope: ankafuna kuona zonse, ndipo zina mwa zomwe anaona zinali ndi mtengo. Chomwe ndimawalemekezera n'chakuti sanandiuze kuti ndichotse tsambalo. Anawonjezera olowa m'malo, ndipo makontirakiti akamafika pokambirananso ankapita ndi chiwerengero chenicheni cha maola omwe geti limadya, mmalo mongoyerekeza. Sizinakonzeke mwezi umodzi, ndipo makasitomala ena sanalole kukweza mtengo. Koma mlonda wofika tsiku lachisanu ndi chiwiri osapuma tsopano amaonekera poyera, ndipo womuikayo ayenera kulemba chifukwa.

Mitengo ya ovataimu sindinaimangirire mkati mwa pulogalamu. Ndinasiya tsamba loti akauntanti aziika okha mogwirizana ndi lamulo ndi makontirakiti, kuti zikasintha asamadikire ine.

Kusamuka

Mwezi wathunthu tinayendetsa zonse ziwiri, Excel ndi pulogalamu, n'kumafananitsa madzulo aliwonse. Ndi ntchito yotopetsa ndipo amayi aja ndiwo anaisenza, koma sindingalangize munthu kuidumpha. Kuyeretsa mayina kokha kunatenga masiku, chifukwa panafunika kuitana akapitawo kuti atsimikize kuti uyu ndi uyu ndi munthu mmodzi kapena awiri. Panapezekanso mayina a anthu omwe anasiya kalekale koma ankakoperedwabe mwezi ndi mwezi.

Zomwe zinasintha ndi zomwe sizinasinthe

Kulemba munthu malo awiri kunatha. Kuwerengera malipiro, komwe kunkadya masiku angapo kumapeto kwa mwezi, kunasanduka ntchito yongotsimikizira. Mlonda wodandaula kuti wadulidwa amaonetsedwa mashifiti ake onse, tsiku ndi tsiku, ndipo pomwe pali cholakwa pamaoneka yemwe anasintha ndi nthawi yake; milandu yomwe kale inkatha ndi mawu a wamkulu tsopano imatha ndi umboni. Kasitomala wotsutsa invoisi amapatsidwa tsatanetsatane wa geti lake. Amayi a mu ofesi ntchito sinawathere. Ndiwo amavomereza ndandanda isanatuluke, ndiwo amawonjezera malamulo atsopano, ndipo anapita ku tchuthi mnzawo wina n'kugwira ntchitoyo popanda kuwaimbira usiku.

Koma pulogalamu siona pa geti. Imadziwa yemwe ayenera kukhalapo, osati yemwe alipo, kapena ngati ali maso. Akapitawo amazungulirabe pa njinga zamoto usiku, ndipo akachita ulesi kulemba zomwe asintha, pulogalamu imanama mofanana ndi Excel. Excel nayo sinachoke mu ofesi. Tinaika batani lotulutsira chilichonse kupita ku Excel, ndipo akauntanti amaigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku poyerekeza mitengo ndi kukonza bajeti. Pa ntchito yofunsa kuti zingakhale bwanji titasintha apa, palibe choiposa.

Kwa yemwe akuganiza zochita chimodzimodzi

Sindingauze mwini saluni wa antchito anayi kapena mwini galaja wa amakaniko asanu kuti alembetse pulogalamu. Ngati munthu mmodzi amakonza ndandanda, amaiona yonse pa tsamba limodzi, ndipo ikasintha amatha kuuza onse pakamwa, Excel kapena kope lenilenilo n'zokwanira. Ngati ntchito yanu ndi yofanana ndi ya ena ambiri ndipo antchito ali ndi foni zamakono, yambani mwayesa zogula zokonzeratu. Nthawi ya pulogalamu yanuyanu imakwana anthu osintha ndandanda akaposa mmodzi, malamulo akachuluka moti wodziwa onse ndi munthu mmodzi yekha, ndiponso cholakwa chimodzi chikayamba kukhala ndi mtengo wa kontirakiti kapena wa malipiro a munthu.

Ndipo ili ndi zoopsa zake zomwe ife olemba mapulogalamu sitikonda kuzitchula. Mukhoza kuchoka pa kudalira mutu wa amayi a mu ofesi n'kuyamba kudalira mutu wa wolemba pulogalamu, yemwe mawa akhoza kupeza ntchito ku Johannesburg n'kusiya kuyankha foni. Pa kampaniyi tinalemba mu mgwirizano kuti code, zolemba zomwe zimapanga pulogalamuyo, ndi ya kampani, mapasiwedi a seva ali ndi abwana, kope la database limasungidwa usiku uliwonse pamalo awiri, ndipo ndinalemba kabuku kofotokoza mmene zonse zamangidwira kuti wina adzathe kupitiriza. Pali ndalama ya mwezi ndi mwezi ya seva, ya ma SMS ndi ya kukonza. Pulogalamu si mpando woti ukagula wathana nawo. Lamulo loteteza uthenga wa anthu, Data Protection Act ya 2024, litabwera, tinabwereranso kukaona yemwe amaona chiyani: akapitawo amaona mayina, mafoni ndi mashifiti a anthu awo okha, pomwe malipiro ndi manambala a ziphaso amaonedwa ndi a mu ofesi awiri basi. Mu fayilo ya Excel ndi zithunzi zake zoyenda pa WhatsApp kugawa kotere sikukanatheka.

Chomwe tikulimbana nachobe ndi maholide. Ena ali ndi masiku okhazikika, monga la John Chilembwe pa 15 Januwale, la Martyrs pa 3 Malichi, la Kamuzu pa 14 Meyi ndi la ufulu pa 6 Julayi, ndipo amenewa pulogalamu imawadziwa yokha. Pasaka amasuntha chaka ndi chaka koma amawerengeka. Eid imadikira kuoneka kwa mwezi, choncho amayi aja amailowetsa pamanja ikangolengezedwa, nthawi zina ndandanda itatuluka kale. Ndiye pali holide yogwa Loweruka kapena Lamulungu, yomwe kupuma kwake kumasunthira Lolemba. Kwa a m'maofesi palibe funso, koma mlonda amagwira masiku onse awiriwo, ndipo pafunika kugamula tsiku lomwe alipidwe ngati holide. Pakadali pano pulogalamu siigamula yokha: imaimitsa malipiro a masiku awiriwo n'kufunsa akauntanti, ndipo yankho lawo limasungidwa pamodzi ndi dzina lawo.